Dunduzu Kaluli Chisiza ndi Mapangano a Chuma cha Dziko

Mwa amuna amene anatsogolera dziko lino pa ulendo wake wotuluka m'manja mwa Atsamunda, ambiri amakumbukidwa chifukwa cha mau ao a moto pa misonkhano, ndipo ena chifukwa cha miyezi imene anakhala m'ndende. Bambo Dunduzu Kaluli Chisiza anali nazo zonse ziwirizi, pakuti kulankhula ankadziwa, ndipo ndende anailowa. Koma chimene chinawasiyanitsa ndi anzao n'chakuti, pamene maso a ambiri anali pa mbendera ndi pa mipando ya m'Nyumba ya Malamulo, iwo anali atayamba kale kufunsa za mapepala: ngongole za dziko zinalembedwa motani, msonkho wa pa malire akutolera ndani, ndipo mlendo wobwera ndi chuma chake kudzatsegula ntchito adzalandiridwa pa mfundo zotani. Masiku ano mafunso otere ali ndi maphunziro akeake, a malamulo a malonda ndi a kuika chuma pakati pa maiko, amene munthu amakachita atatha kale digiri yake yoyamba. Bambo Chisiza analibe digiri ngakhale imodzi. Anatumikira m'Boma chaka chimodzi chokha, namwalira ali ndi zaka 32.

Anabadwa pa 8 Ogasiti 1930 m'mbali mwa nyanja ku Florence Bay, kumene lero kumadziwika ndi dzina lakuti Chitimba, kunsi kwa phiri la Khondowe. Atate ao, a Kaluli Chisiza, anali nyakwawa ndiponso mlimi, ndipo Dunduzu ndiye anali mzime m'banja la ana 11. Sukulu anayambira ku Uliwa, napitiriza ku Livingstonia, koma kumeneko sanafike patali. M'chaka cha 1949 anatsata njira imene anyamata ambiri a kumpoto ankatsata, napita ku Tanganyika, kumene analembedwa ukalaliki mu ofesi ya polisi ku Dar es Salaam. Pa ntchito imeneyo sanakhalitse. Mtima wao unali udakali pa sukulu, choncho anaoloka kunka ku Uganda, nakalowa pa Aggrey Memorial College, natsiriza kumeneko maphunziro a sekondale ali kale munthu wamkulu.

M'chaka cha 1955 anafika ku Salisbury, mzinda umene tsopano ndi Harare, nagwira ntchito ya ukalaliki ndi yotanthauzira mu ofesi ya kazembe wa India. Malowo anali oyenera munthu wa mtima wofunafuna. India inali italandira ufulu m'chaka cha 1947, ndipo pa nthawiyo inali kumaliza dongosolo lake loyamba la chitukuko la zaka zisanu. Tsono kalaliki wa ku Nyasaland ankaona tsiku ndi tsiku mmene dziko longomasuka kumene limalimbanirana ndi umphawi umene Atsamunda alisiyira. Chaka chomwecho iwo pamodzi ndi a James Chikerema, a George Nyandoro ndi a Edson Sithole anayambitsa bungwe la achinyamata lotchedwa City Youth League. Bungwe limeneli ndilo linatsogolera anthu akuda a mumzindawo kukana kukwera mabasi m'chaka cha 1956, mitengo yake itakwera. Boma la Southern Rhodesia linaona kuti mlendo ameneyu ndiye mmodzi wa osonkhezera moto, ndipo linawapirikitsa chaka chomwecho kubwerera kwao.

Maphunziro okhaokha a za chuma amene Bambo Chisiza analandira pamaso pa mphunzitsi anali a ku Fircroft College ku Birmingham, ku Mangalande, kumene anapita m'chaka cha 1957. Sukulu imeneyi sinali yunivesite. Inakhazikitsidwa m'chaka cha 1909 ndi a banja la Cadbury kuti anthu apantchito amene sukulu inawapita ali ana akhale pamodzi chaka chimodzi, akuwerenga ndi kukambirana. Digiri sinkaperekedwa kumeneko. Bambo Chisiza anaphunzirako za chuma, za chikhalidwe cha anthu ndi za kayendetsedwe ka maboma, ndipo njira yopita ku yunivesite ikadawatsegukira akadakhalitsa. Koma Dr. Hastings Kamuzu Banda atabwerera kuno pa 6 Julayi 1958 anafuna munthu woti akonze Nyasaland African Congress kuti ikhale chipani chenicheni, cha nthambi, mabuku ndi makadi, ndipo a Henry Chipembere anatchula dzina la mnyamata wa ku Birmingham uja. Bambo Chisiza anasiya mabuku nabwera kudzakhala mlembi wamkulu wa Kongeresi.

Za miyezi yotsatirayo zalembedwa kambiri. Nthambi za Kongeresi zinachuluka, msonkhano wa kutchire unachitika mu Januwale 1959, ndipo pa 3 Malichi Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa chiopsezo, nayamba kumanga atsogoleri. Bambo Chisiza anatengedwa kunka ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, kumene anatsekeredwa pamodzi ndi Dr. Banda, a Chipembere ndi mkulu wao a Yatuta Chisiza. Dr. Banda anatulutsidwa pa 1 Epulo 1960, koma a Chisiza anakhalabe m'ndende kufikira Sepitembala wa chaka chimenecho. Ndendeyo ndiyo inakhala yunivesite yao. Anawerenga mabuku a za chuma, nalemba, ndipo maganizo ao anatuluka m'timabuku tiwiri, Realities of African Independence ndi Africa: What Lies Ahead. Timabukuti timakumbukidwa kwambiri chifukwa cha chenjezo lake lakuti maiko omasuka kumene angathe kugwa m'manja mwa olamulira ankhanza a mtundu wao womwe. Koma mbali yaikulu ya zolembazo inali ya funso limene panthawiyo linkamveka ngati losafunika kufulumira nalo, lakuti dziko losauka lidzadya chiyani mbendera ikadzakwezedwa.

Pa chisankho cha pa 15 Ogasiti 1961 Malawi Congress Party inapambana, ndipo Bambo Chisiza, amene anali mlembi wamkulu wa chipanicho, anasankhidwa kuimira Karonga. Anapatsidwa udindo wa mlembi wa m'Nyumba ya Malamulo mu unduna wa za chuma, wachiwiri kwa Bwana Henry Phillips, Mngerezi amene anali atatumikira Boma la Nyasaland zaka zambiri. Aliyense ankadziwa kuti mpandowo unali wokonzekera, ndi kuti Bwana Phillips akadzachoka nduna idzakhala Bambo Chisiza. Kuti ntchito imene anailowa imveke kukula kwake, nkofunika kuona zingwe zimene chuma cha dziko chinali chitamangidwa nazo iwo asanabadwe. Zingwezo zimaoneka bwino pozionera ku mapiri a Dowa, kumene fodya anali atasanduka kale moyo wa anthu.

Pangano loyamba linali lakale kuposa Boma la Nyasaland lenilenilo. M'chaka cha 1885 maiko a ku Ulaya atasonkhana ku Berlin analemba malire a chigawo chachikulu cha pakati pa Afirika, kuyambira ku mtsinje wa Congo kufikira ku nyanja ya mchere ya kum'mawa ndi ku mathiriro a Zambezi, nagwirizana kuti m'chigawo chimenecho katundu wa maiko onse azilowa mofanana, popanda kukondera mwini dziko. Dziko lino linagwera m'kati mwa malirewo zaka zisanu ndi chimodzi Angerezi asanalitenge. Panganolo linakonzedwanso ku Saint-Germain m'chaka cha 1919, ndipo Japan inali mmodzi wa osaina. Chifukwa cha ichi Boma la ku Zomba silinkaloledwa kuchepetsa msonkho pa nsalu za ku Manchester ndi kuukweza pa nsalu za ku Japan, kotero kuti m'zaka za m'ma 1930 nsalu zotsika mtengo za ku Japan zinadzaza m'masitolo a Amwenye. Mai wa ku Mvera kapena wa ku Kongwe amene anavala nsalu yoteroyo anapindula ndi pangano limene makolo ake sanafunsidwepo kanthu. Linamkomera mwangozi, ndipo likadamuipira, analibenso kokadandaula.

Chingwe chachiwiri chinali cha fodya. M'chaka cha 1919 Nyumba ya Malamulo ya ku London inachepetsa msonkho wa fodya wochokera m'maiko a ufumu wa Britain ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi, ndipo m'chaka cha 1925 inaonjeza kuchepetsako kufika pa gawo limodzi mwa magawo anai. Lamulo limeneli, lolembedwa kutsidya kwa nyanja, ndilo linadzutsa zigafa za fodya wa chikopa m'maboma a Lilongwe ndi Dowa, kumene Azungu onga Bwana A. F. Barron ankagawa mbeu kwa alimi a m'midzi ndi kudzagula masamba ake. Alimi atachuluka, Boma linakhazikitsa Native Tobacco Board m'chaka cha 1926. Bodi imeneyi inkalemba maina a olima, inkaika misika, ndipo pambuyo pake inayamba kugula yokha fodya yense wa m'midzi ndi kukamgulitsa ku okushoni ya ku Limbe, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1938. Mlimi ankalandira gawo chabe la mtengo wa ku Limbe. Zotsalazo zinkapita ku ntchito za Bodi ndi ku thumba lake. M'chaka cha 1956 Bodiyo inaphatikizidwa ndi mabodi ena a zokolola, ndipo m'chaka cha 1962, Bambo Chisiza ali pa udindo, m'malo mwake munalowa Farmers Marketing Board, kholo la ADMARC ya m'chaka cha 1971. Dzina linkasintha, koma funso la mlimi wa ku Mponela linali lomwelo, lakuti pa sheleni iliyonse imene fodya wake wagulidwa, makobiri angati adzafika m'thumba mwake.

Chachitatu chinali njanji. Dziko lopanda doko limadya zimene mnansi walola kudutsa. Njanji ya Trans-Zambezia yopita ku Beira inatha m'chaka cha 1922, mlatho waukulu wa pa Zambezi unatsegulidwa m'chaka cha 1935, ndipo chaka chomwecho sitima inafika ku Salima, kunsi kwa mapiri a Dowa. Ntchito zimenezi zinamangidwa ndi ngongole, ndipo mapangano ake anasenzetsa thumba la Boma la Nyasaland katundu wa chiongoladzanja kwa zaka zambiri. Ndalama zimene zikadamanga sukulu ndi zipatala zinkapita kukabweza ngongole ya njanji imene mitengo yake yonyamulira katundu inali yokwera kwambiri. Motero mtengo wa fodya wa ku Dowa unkadulidwa katatu mwini wake asanauone: ku London ndi olemba msonkho, ku Limbe ndi a Bodi, ndi pa njira ya ku Beira ndi eni njanji.

Pamwamba pa zonsezi panadzakhala Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland m'chaka cha 1953. Malonda a kunja, msonkho wa pa malire, msonkho wa pa malipiro ndi mphamvu yokongola ndalama kunja zonse zinapita ku Salisbury. Pa mapaundi 100 alionse a msonkho wa pa malipiro, Boma la Nyasaland linkapatsidwa 6. Msonkho wa pa malire unakonzedwa moteteza mafakitale a ku Southern Rhodesia, ndipo wogula wa kuno ndiye ankalipira chitetezocho m'sitolo. Koma kunena chilungamo, Boma la Chitaganya linkalipiranso zipatala ndi ntchito zina za kuno zimene msonkho wa dziko lino wokha sukadakwanitsa. Munthu amene pa nsanja ankafuula kuti Chitaganya chife, atalowa mu ofesi ya za chuma ku Zomba anayenera kuwerengera kukula kwa dzenje limene chidzasiye chikafa. Bambo Chisiza anali munthu mmodzi wochita zonse ziwirizi, ndipo sanazembe ngakhale chimodzi. Ndiponso mu Ogasiti 1961, mwezi womwewo wa chisankho, Britain inapempha kulowa m'Msika wa Pamodzi wa maiko a ku Ulaya, ndipo chaka chonse chimene iwo anakhala pa udindo, msonkho wokomera fodya uja unali pa gome la zokambirana ku Brussels, kumene kunalibe mpando wa munthu wa ku Nyasaland.

Nanga anthu odziwa kuwerenga mapangano otere anali kuti? Yunivesite kuno kunalibe. Loya woyamba wa dziko lino, a Orton Chirwa, anali atangolandiridwa kumene ku London m'chaka cha 1958, ndipo manja ao anali odzaza ndi nkhani za makhoti ndi za malamulo a dziko. Akalaliki a kuno ankaphunzitsidwa kulemba ndi kusunga mafaelo. Kukambirana mfundo za ngongole kunali kwa Azungu okha. Apa ndi pamene nzeru za Bambo Chisiza zinaonekera. Ena mwa anzao ankayesa kuti Mzungu aliyense wa m'Boma ndi mdani woyenera kumpirira kufikira atachoka, koma iwo anamtenga Bwana Phillips ngati mphunzitsi, nakhala naye pa mabuku a ndalama za Boma, pa kukonza dongosolo la chitukuko la zaka za 1962 mpaka 1965, ndi pa kukumana ndi obwereketsa ndalama a kunja. Bwana Phillips, polemba mbiri ya moyo wake ali wokalamba, anawakumbukira ndi ulemu waukulu. Ubwenzi umenewo sunachepetse changu chao pa ufulu. Munthu amene akufuna kulanda nyumba ya katundu amayamba wadziwa pamene makiyi amakhala.

Nkhani ya magetsi a pa Nkula inaonetsa kuvuta kwa ntchitoyo. Panali dongosolo lomanga malo opangira magetsi pa mathithi a Nkula pa mtsinje wa Shire, koma popeza magetsi ndi ngongole za kunja zinali m'manja mwa Chitaganya, ndalama zake zikadadzera ku Salisbury. Dr. Banda anakana, poona kuti ngongole yotero idzakhala chingwe china chomangira dziko ku Chitaganya pa nthawi imene ankachidula. Olemba mbiri amaika nkhani imeneyi pakati pa zinthu zimene awiriwa anasiyana maganizo. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo. Wa za chuma akadanena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndi kuti dziko lopanda magetsi silingaitane mwini fakitale aliyense. Wa ndale akadayankha kuti wokongola ndi kapolo wa womkongoza. Malamulo a maiko ali ndi mutu wakewake pa nkhani imeneyi, wa mmene ngongole ndi katundu zimagawidwira boma likagawika, ndipo Chitaganya chitatha pa 31 Disembala 1963 ntchito yogawa imeneyo inachitikadi. Magetsi a pa Nkula anayaka m'chaka cha 1966.

Ntchito imene Bambo Chisiza anaikonda koposa inali msonkhano wa akatswiri a za chuma umene anaukonza ku Blantyre kuyambira pa 18 kufikira pa 28 Julayi 1962, ndi thandizo la Ford Foundation. Dziko losauka, losadziwika, limene linali lisanalandire n'komwe ufulu, linaitana aphunzitsi a m'mayunivesite a kutali kuti adzakhale masiku khumi akukambirana za msonkho, za ulimi, za malonda ndi za ndalama za chitukuko, nduna ndi antchito a Boma a kuno akumvetsera ndi kufunsa. Cholinga chinali choonekeratu. Popeza nthawi yotumiza anthu ambiri kukaphunzira kunja inali isanakwane, iwo anabweretsa yunivesite kuno kwa masiku owerengeka. Mwini wake analankhulanso pa msonkhanowo za mtima, zofuna ndi mavuto a Afirika wa masiku amenewo, ndipo alendo anabwerera kwao akudziwa kuti ku Zomba kuli munthu. Zokambidwa pa msonkhanowo anazisonkhanitsa Bwana E. F. Jackson m'buku lotchedwa Economic Development in Africa, limene linasindikizidwa ku Oxford m'chaka cha 1965.

Woitana msonkhanoyo bukulo sanalione. Usiku wa pa 2 kucha wa pa 3 Sepitembala 1962 galimoto yao inagwa pa mlatho wa Thondwe, pa mseu wa pakati pa Blantyre ndi Zomba, ndipo anamwalira. Ofufuza a Boma anapeza kuti inali ngozi, koma manong'onong'o sanathe, ndipo anakula pamene nduna zinagawikana ndi Dr. Banda m'chaka cha 1964. Mkulu wao a Yatuta anathawa m'dziko pa mkangano umenewo, naphedwa mu Okotobala 1967 atalowanso ndi zida cha ku Mwanza. Mwana wao wamwamuna, amene anabadwa mu Malichi 1963 atate ake atapita kale, anatenga dzina lao, nadzatchuka m'dziko lonse ndi zisudzo za Wakhumbata kufikira imfa yake m'chaka cha 1999.

Chomvetsa chisoni n'chakuti Bambo Chisiza anachoka pa khomo penipeni pa nyengo imene mafunso ao anasanduka malamulo olembedwa. Patangopita miyezi itatu, pa 14 Disembala 1962, bungwe la United Nations linavomereza mfundo yakuti dziko lililonse ndi mwini chuma cha m'nthaka yake, ndi kuti likalanda katundu wa mlendo liyenera kumlipira moyenera. M'chaka cha 1964 maiko osauka anasonkhana ku Geneva pa msonkhano woyamba wa UNCTAD, motsogozedwa ndi Raúl Prebisch wa ku Argentina, amene anaphunzitsa kuti dziko logulitsa zokolola zosakonza ndi kugula katundu wa m'fakitale limanka lisaukirasaukira, pakuti mitengo ya ziwirizi siyendera limodzi. Mlimi wa ku Madisi woyerekeza mabelo a fodya ndi mtengo wa njinga ankadziwa zimenezi asanamve dzina la Prebisch. Chaka chomwecho Malawi, atalandira ufulu pa 6 Julayi, analowa m'pangano la malonda la GATT, limene mfundo yake yaikulu ndi yakuti chimene wachepetsera dziko limodzi pa msonkho uchepetserenso onse a m'panganolo. M'chaka cha 1965 kunalembedwa ku New York pangano la ufulu wa maiko opanda doko wodutsitsa katundu m'maiko a anansi ao.

Pangano lina la chaka cha 1965, limene linakonzedwa ndi Banki ya Dziko Lonse ku Washington, ndilo likadawakhudza kwambiri. Linakhazikitsa bwalo lotchedwa ICSID, kumene mlendo amene waika chuma chake m'dziko angathe kusumira boma la dzikolo pamaso pa oweruza osankhidwa ndi mbali ziwirizo, osadzera m'makhoti a m'dzikomo, malinga ngati bomalo linavomereza zimenezo m'kalata ya mgwirizano, m'lamulo lake kapena m'pangano ndi dziko la mlendoyo. Chigamulo chake chimalemera ngati cha khoti lalikulu la m'dziko. Maiko a ku South America anakana panganoli poyamba, poti limapatsa mlendo ufulu umene nzika ilibe. Maiko ambiri a mu Afirika, ofuna chuma cha kunja, analilandira msanga, ndipo Malawi anali mwa oyamba kulivomereza m'chaka cha 1966. Chiganizo chimodzi cholembedwa mosasamala m'mgwirizano wa mgodi kapena wa munda waukulu chingathe, pa njira imeneyi, kudyetsa Boma ndalama zokwana kumanga sukulu zambiri, patapita zaka wosainayo atapuma kale pa ntchito.

Yunivesite ya Malawi inatsegula zitseko m'chaka cha 1965. Malamulo anayamba kuphunzitsidwa ku Mpemba, nasamukira ku Chancellor College ku Zomba m'chaka cha 1973. Pamene bungwe la WTO linalowa m'malo mwa GATT m'chaka cha 1995, Malawi nakhala membala chaka chomwecho, malamulo a malonda anakula nafika pa zinthu zimene kale zinali za boma lokha, monga miyezo ya katundu, thandizo kwa alimi ndi umwini wa nzeru. Pofuna kuti maiko a mu Afirika asamapite ku zokambirana ali manja lende, mayunivesite a Pretoria ndi Western Cape ku South Africa anayambitsa digiri yachiwiri ya malamulo a malonda ndi a kuika chuma, ndipo ku Arusha ku Tanzania kunatsegulidwa sukulu ya maphunziro omwewo m'chaka cha 2006. Wophunzira kumeneko amakhala chaka kapena ziwiri pa mitu imene Bambo Chisiza anakumana nayo yonse pamodzi m'miyezi khumi ndi iwiri: msonkho wa pa malire, maiko ophatikiza misika yao, ufulu wodutsitsa katundu, ngongole za boma ndi chitetezo cha chuma cha alendo.

Ndipo fodya wa ku Dowa sanachoke pa magome a kutali. Kuyambira m'chaka cha 1990 alimi a m'midzi analoledwa kulima fodya wa bale, amene kale anali wa minda ikuluikulu yokha, ndipo Dowa ndi Ntchisi zinadzaza ndi zigafa zake. Canada itakhazikitsa lamulo m'chaka cha 2009 loletsa zokometsera mu ndudu, nthumwi za Malawi zinakadandaula ku komiti ya WTO ku Geneva, pakuti fodya wa bale amagwiritsidwa ntchito m'ndudu zosakaniza zimene zimafuna zokometserazo. Pamene Australia inalamula kuti ndudu zizigulitsidwa m'mapaketi opanda zizindikiro za makampani, maiko angapo anaisumira ku WTO, ndipo Malawi analowa m'mlanduwo ngati dziko lokhudzidwa. Kampani ya Philip Morris nayo inasumira Australia pa njira ya mapangano oteteza chuma cha alendo, koma mlandu wake unakanidwa m'chaka cha 2015. Ku WTO oweruza anagamula m'chaka cha 2018 kuti dziko lili ndi ufulu woteteza umoyo wa anthu ake mwa njira imeneyo, ndipo apilo inatsimikiza chigamulocho mu Juni 2020. Pa mlandu umenewu mau a Malawi analembedwa m'mabuku a bwalolo m'dzina la Malawi mwini, patapita zaka zoposa 50 chichitikire ngozi ya pa Thondwe.